Mukatsika mumtengo mutiuze

Lachinayi lililonse 6 koloko madzulo ndimanyamula banjo yanga n'kupita kuchipinda chapansi cha tchalitchi china m'tauni ya Maryville, m'chigawo cha Tennessee kuno ku America. Ophunzira tilipo asanu ndi anayi, wachikhumi ndi mphunzitsi wathu, mayi wa imvi amene anapuma pantchito yophunzitsa masamu. Phunziro ndi la ola limodzi ndi theka, ndipo timalipira. Za kulipirazi ndazitchula dala, chifukwa miyezi yoyambirira ndinkabwerako nditafufuma ndi mkwiyo. Theka la ola loyamba linkatha mabanjo ali gone m'mabokosi, anthu akungocheza.

Nkhani zakenso zanji? Uyu bondo lamuvuta. Uyo mdzukulu wake waguluka dzino. Wina tomato wake wapsa ndi chisanu. Winanso chimbalangondo chamugwetsera bini n'kumwaza matewera a mwana msewu wonse. Ine ndimagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba, 10 koloko ndiyenera kukhala nditafika. Ndinkangoyang'ana nthawi pafoni, chamumtima ndikuti, anthu inu, ndalama yanga ndalipirira banjo, za mabondo anu mukakambe kuchipatala.

Mwina mukudabwa kuti mtsikana wa ku Thyolo akufuna chiyani pa banjo kutali konseku. Mlandu ndi wa amalume. Ndili mwana ankapanga okha banjo ndi chigaloni cha mafuta ophikira, chikopa cha mbuzi, thabwa losema ndi mpeni ndi mawaya a mabuleki a njinga. Madzulo ankakhala pakhonde n'kumaimba motsanzira malemu Alan Namoko, woimba wosaona wa kwathu konko amene ankaimba ndi gulu la Chimvu Jazz ndipo anamwalira mu 1995. Amayi sankafuna kuti ndiikhudze banjoyo. Ankati ndi chida cha pamowa, mwana wamkazi alibe nacho ntchito. Ndiye tsiku lina, nditatha chaka kuno, ndinaona banjo yakale m'sitolo ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Ndinaigula ndisanaganize n'komwe.

Anthu ambiri kuno amaiona banjo ngati chida cha azungu a m'mapiri, ndipo dzina limene amalitchula kwambiri ndi la Earl Scruggs, amene anabadwa mu 1924 kuseri kwa mapiri omwewa, ku North Carolina, n'kutchukitsa kaimbidwe ka zala zitatu. Koma mphunzitsi wathu anatiuza tsiku loyamba kuti chidachi anachipanga ndi anthu akuda amene anagwidwa ukapolo ku West Africa, pokumbukira zida za kwawo. Chimodzi mwa zidazo ndi akonting ya anthu a mtundu wa Jola a ku Senegal ndi Gambia, yopangidwa ndi chipanda ndi chikopa, ya nsambo zitatu. Amene munavina nyimbo ya Beyoncé ya Texas Hold 'Em mu 2024, banjo imene imayambirira ija anaimba ndi Rhiannon Giddens, mayi amene wakhala zaka zambiri akukumbutsa anthu mbiri imeneyi. Ife timaphunzira kaimbidwe kakale kotchedwa clawhammer. Dzanja lamanja limapindika ngati lagwira dzira, n'kumamenya nsambo chotsitsa ndi msana wa chikhadabo, chala chachikulu chikukodola kansambo kachisanu kamene kamathera pakati pa khosi la banjo. Kumva n'kosavuta, koma ine zinanditengera miyezi inayi kuti chala chachikulucho chisiye kuchedwa. Ndiye mundimvetse pamene ndinkadandaula za theka la ola.

Maryville ili m'munsi mwa mapiri a Great Smoky, kumene kuli nkhalango yotetezedwa yokhala ndi zimbalangondo zakuda pafupifupi 1,900. Ine ndimachita lendi kanyumba kunja kwa tauni, mbali ya kumapiriko. Chimbalangondo ndinkangochidziwira m'Baibulo ndi m'makatuni, ndipo nkhani zake za Lachinayi ndinkazimvera ndi khutu limodzi. Amene ankazikonda kwambiri ndi madala ena a zaka 71, amene anagwira ntchito moyo wawo wonse kufakitale ya aluminiyamu m'tauni yoyandikana nafe ya Alcoa. Anayamba banjo akazi awo atamwalira, akuti m'nyumba munachuluka zii. Amakhala kumanzere kwanga, ndipo akayamba nkhani saona kuti mnzawo ukuchuna nsambo.

M'mawa wina mu Okutobala ndinafika pakhomo cha m'ma hafu 6, kunja kukadali mdima. Ndinatsika m'galimoto, chikwama paphewa, kontena ya nsima ndi nkhuku yotsala kumanja. Nditayenda mapazi ngati khumi ndinamva phokoso la pulasitiki ikung'ambika. Pakati pa ine ndi chitseko changa panali chinthu chakuda, chachikulu kuposa nkhumba yonenepa, mutu uli m'bini. Pambali pake panali kamwana kakunyambita chitini. Chachikulucho chinatulutsa mutu n'kundiyang'ana.

Nzeru zonse za kwathu zinabwera nthawi imodzi. Galu wolusa timamutolera mwala. Njati, malinga ndi nthano za agogo, umaithawira mumtengo. Miyendo inkati thawa. Koma m'makutu munamveka mawu a madala aja, omwe ndinkaganiza kuti sindinawamvere. Osathamanga, chifukwa chimathamanga pafupifupi makilomita 50 pa ola ndipo chinthu chothawa chimachikopa kuti chithamangitse. Osakwera mumtengo, chifukwa chimakwera kuposa iwe. Osachifulatira. Uzibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ukuyankhula modekha kuti chidziwe kuti ndiwe munthu, ndipo uchisiyire njira yothawira.

Ndinayankhula. Chingerezi chonse chinathawa m'mutu, ndiye ndinati, "Pepani mayi, ndilibe nanu mlandu. Malizani, ine ndikupita." Ndinabwerera chafutambuyo mpaka msana unagunda galimoto, ndinalowa, n'kukhoma, kenako ndinaliza hutala osalekeza. Mayi uja anayang'ana kamwana kake, onse n'kulowera kutchire mosafulumira, ngati anthu amene aitanidwa kwina. Ndinakhala m'galimotomo mphindi makumi awiri manja akunjenjemera, kontena ikadali pamiyendo.

Wolakwa ndinali ine. Bini ndinaitulutsa usiku popita kuntchito m'malo modikira m'mawa wa tsiku lotenga zinyalala. Miyezi imeneyi zimbalangondo zimadya usana ndi usiku pokonzekera kukabindikira m'nyengo yozizira, mpaka makalori 20,000 patsiku, ndipo mphuno yake imamva fungo patali zedi. Choipa kwambiri n'chakuti chikazolowera chakudya cha anthu chimasiya kuopa anthu, mapeto ake a zanyama amachipha. Ulesi wanga wa bini ukanatha kuphetsa mayi uja n'kusiya kamwana kamasiye. M'nkhalango yotetezedwa muja muli lamulo loti munthu asayandikire chimbalangondo dala kufika mayadi 50, amene ndi pafupifupi mamita 45. Ine ndinali pa mamita osakwana khumi.

Lachinayi lotsatira ndinafika ndi nkhani yangayanga. Paja ulenje umasimba wako. Ndinayankhula mphindi khumi zathunthu, ndipo nditawamasulira zimene ndinauza chimbalangondo, mayi wina anaseka mpaka kutuluka misozi. Sabata inayo mnyamata wina woyendetsa thiraki anandibweretsera malamba omangira chivindikiro cha bini. Madala aja anandipatsa wezulo, n'kuwonjezera mfundo imodzi imene ankati ndisaiiwale: chimbalangondo chakuda chikakugwira, usanamizire kufa. Zimenezo ndi za zimbalangondo zofiirira za kumadzulo kwa dziko lino. Chakuda umamenyana nacho ndi chilichonse uli nacho, kulunjika kumaso ndi pamphuno. Ndinawafunsa ngati banjo ingathandize. Anati ya ine inde, poti kaimbidwe kanga kokha kakhoza kuchithamangitsa.

Novembala atafika nkhani zinasintha n'kukhala za ulenje. Kuno kuli nyama zonga mbawala, za mchira woyera kunsi, ndipo nyengo yozisaka ndi mfuti ku Tennessee imatsegulidwa Loweruka lomaliza chikondwerero cha Thanksgiving chisanafike. Ulenje wake ndi wa mapepala. Pamafunika laisensi, pali chiwerengero cha nyama zimene munthu angaphe, pali maola ake, ndipo mlenje amayenera kuvala zovala za olenji wowala kuti mlenje mnzake asamuyese nyama. Mbawalazo mtundu umenewu siziuona ngati mmene timauonera ife. Ine ulenje umene ndimaudziwa ndi wa mbewa, ine ndi achimwene tikatha kukolola, khasu kumanja, utsi kuuna. Nditawafotokozera, madala anafuna kudziwa zonse, mpaka mmene timaziwiritsira ndi mchere n'kuziyanika.

Ndisabise, nkhani za mfuti sizinkandisangalatsa. Ndine mkazi wakuda wokhala ndekha m'mbali mwa tchire, ndipo ndikaona amuna ovala zamawangamawanga atanyamula mfuti pamalo omwetsera mafuta, m'mimba mumazizira. Madala atandipatsa chisoti cha olenji kuti ndizivala ndikamayenda m'tinjira ta kuseri kwa nyumba, ndinachilandira ndi manja awiri koma mtima uli pena. Iwo anaona. Anati mfuti ndiziiopa ndithu, koma chimene chimavulaza alenje ambiri a mbawala ndi mtengo. Amamanga kansanja m'mwamba, mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, konga kamene timalondera anyani m'munda, n'kukhala pamenepo maola ambiri kudikira nyama. Ambiri amagwa pokwera kapena potsika, makamaka akamasula lamba wodzimangirira kumtengo.

N'chifukwa chake madalawa anali ndi chizolowezi. Lachinayi ankatiuza kumene akakhale, ndipo tsiku la ulenjelo akatsika ankatumiza uthenga wa liwu limodzi pafoni kwa tonse: "Ndatsika." Ena ankayankha ndi kachala, ena osayankha. Ine ndinkati, koma madalawa, wawafunsa ndani?

Lachiwiri lina kumapeto kwa Novembala uthengawo sunabwere. Ine sindinazindikire n'komwe, ndinali kusita yunifomu. Anazindikira ndi mnyamata wa thiraki uja, cha m'ma 7 koloko, dzuwa litalowa kalekale. Anaimba foni, osayankhidwa. Anaimbanso, zii. Anatilembera tonse kufunsa amene wamva kwa madala. Panalibe. Iye ndi bambo wina anathamangira kumunda wa msuweni wa madalawo, kumene tonse tinkadziwa kuti amasaka chifukwa anatiuza Lachinayi zitatu zotsatizana mpaka kutitopetsa. Galimoto yawo anaipeza kuseri kwa khola lakugwa, monga ankanenera. Koma pamtengo umene ankautchula panalibe kansanja, panalibe munthu.

Mnyamatayo atalemba zimenezi, ndinaima ndi simbi kumanja. Lachinayi lapitalo, ine ndikulimbana ndi nsambo yachitatu imene inkakana kuchunika, madala anandiweramira n'kundiuza kuti asamutsa kansanja kawo kupita tsidya lina la kamtsinje, pafupi ndi mtengo umene unang'ambidwa ndi mphenzi, chifukwa mbawala zikudya njere za mitengo kumeneko. Ndinangoti "mmm" maso ali pafoni kuona nthawi. Sanauze wina aliyense. Ndinaimba foni mawu akunjenjemera.

Anawapeza patapita mphindi ngati khumi ndi zisanu, ali gone patsinde pa mtengo, fupa la m'chiuno litathyoka. Anamasula lamba kuti atsike, phazi n'kuterereka. Foni inagwera m'masamba patali poti sakanatha kukwawa n'kuifika. Anali atagona pamenepo maola oposa awiri, ndipo usiku umenewo kunazizira mpaka madzi kuuma. A ambulansi anachita kuwanyamula pamachira kuwoloka nawo kamtsinje.

Usiku womwewo kuntchito, okalamba anga atagona, ndinakhala pampando n'kutsegula WhatsApp pa dzina la achimwene. Inali 2 koloko usiku, kumudzi ili 9 koloko m'mawa. Ndinayenda chobwerera m'mbuyo chaka chonse. "Ndatumiza." "Talandira, zikomo." "Feteleza wakwera." "Ndiona kumapeto kwa mwezi." "Ndatumiza." "Talandira." Basi. Chaka chathunthu, ngati malisiti a m'golosale. Ndinadzifunsa kuti ine nditagwa penapake, kumudzi angazindikire patapita masiku angati? Yankho linali loti pakutha pa mwezi, ndalama ikapanda kufika.

Ndinaimba. Achimwene anayankha mwamantha, poti sindiimba chisawawa. Ndinati palibe chovuta, ndangofuna kumva za kumudzi. Tinakamba za mvula, za denga la kukhitchini. Kenako ndinafunsa za amalume. Anakhala chete kanthawi.

"Amalumetu anagonekedwa m'chipatala masabata atatu mu Ogasiti. Sitiroko. Pano ali pakhomo, koma dzanja lamanzere siligwira."

Ndinakalipa mpaka mnzanga wa pantchito anasuzumira. Bwanji osandiuza? Ndine mlendo ine? Achimwene anandisiya ndimalize, kenako anati, "Achemwali, inu mukalemba mumafunsa ngati ndalama yafika. Ife timayankha zimene mwafunsa. Amayi anati tisakusenzetseni zina, muli nazo kale zambiri. Ndalama ya Ogasiti ija ndi imene inagwira ntchito kuchipatala."

Ndinasowa chonena, chifukwa sananame. Ndipo pali china chimene ambiri tili kunja sitivomera pagulu. Ndinasiya kufunsa kuti "muli bwanji" chifukwa ndinkaopa yankho lake. Yankho lililonse limakhala ndi mtengo: fizi, mankhwala, maliro, feteleza. Ukakhala kuti mwezi umenewo lendi yakufinya, umaphunzira kulemba mwachidule kuti nkhani isatalike. Nawonso kumudzi anaphunzira kundiyankha mwachidule. Ine sindinawauzepo kuti ndinagula banjo, kuti ndinakumana ndi chilombo pakhomo, kapena kuti Januwale wanga woyamba kuno ndinkalira m'galimoto ndisanalowe kuntchito. Tonse tinkatetezana, mpaka amalume anatsala pang'ono kupita ine ndikutumiza "Ndatumiza."

Sindinganene kuti zonse zinakonzeka. Mantha a ndalama akadalipo, ndipo mwezi watha nkhani yabwinobwino ya mbuzi inathera pa pempho la malata. Ndinayankha kuti mwezi uno sindikwanitsa, ndipo dziko silinathe. Tinapitiriza kucheza za mbuziyo.

Lamlungu lililonse tsopano ndimajambula mawu ndikuimba banjo n'kutumiza. Achimwene amapita nayo foni kwa amalume. Ulendo woyamba anamvetsera kawiri, kenako anayankha ndi lilime lolemera, mawu akukokeka: "Mwanawe, ukuthamangira kuti? Nyimbo si basi yoti ikusiya. Chala chachikulucho chikugona." Ndi zomwezo zimene mphunzitsi wanga wakhala akundiuza, kungoti iye ndimamulipira. Anafunsanso ngati chimbalangondo chimadyedwa. Nditawauza kuti alenje ena kuno amadya, anati ndiye si chilombo chimenecho, ndi ndiwo. Banjo yawo ya chigaloni ikadalipo. Dzanja lamanja limamenyabe, ndipo akuphunzitsa mwana wa achimwene kugwira nsambo kukhosi, ndiye amaimba anthu awiri banjo imodzi. Amayi, omwe aja ankati ndi chida cha pamowa, akuti amakhala pamkeka chapatali n'kumasongola nyemba, osachoka mpaka nyimbo ithe.

Madala anabwerera m'kalasi mu Febuluwale akuyenda ndi ndodo. Adokotala anawaletsa kukwera mumtengo, ndiye akuti chaka chino akasakira pansi, atakhala pampando. Mwana wawo wamkazi akuti asapitenso n'komwe, ndipo mkangano umenewo timaulandira Lachinayi lililonse mwatsatanetsatane. Akamaliza amatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti dzanja la amalume likuyenda bwanji, ndipo amadikira yankho.

M'kalasi mwathu mwabwera mnyamata watsopano, wophunzira pakoleji, wa banjo yonyezimira. Lachinayi lapitali ndinali kufotokoza kuti mbuzi ya amayi yaswa mapasa ndipo kumapiri zimbalangondo zayambanso kuoneka, ndiye mabini tizimanga. Ndinamuona akuyang'ana nthawi pafoni, mwendo ukugwedera. Sindinamunene. Ndinangomufunsa kumene amakhala. Anatchula msewu wina wa kufupi ndi tchire, ndipo madala anayamba kale kusendeza mpando wawo kuti amuyandikire.

M'mawa wake nditafika pakhomo ndinakhala kaye m'galimoto, magetsi ali oyaka, kuyang'ana mbali zonse monga ndimachitira tsopano. Kenako ndinalembera achimwene kuti, "Ndafika. Bini ili bwinobwino." Anayankha ndisanatsike n'komwe: "Kuno nsima yapsa. Amalume akuti Lamlungu muimbe pang'onopang'ono."